Mukapita ku Yunivesite, Phunziraninso Chigawo Chathu

Chaka chilichonse mayeso a Fomu 4 akayandikira, m'seminale muno mumamveka funso limodzi limene timafunsana motsitsa mawu, kaya ndi kumunda, kochapira kapena pobwera kumpira: "Nanga iwe mnzanga, ukatuluka muno ulowera kuti?" Palibe chifukwa chobisira zoona. Ena mwa ife adzapitirira ku seminale yaikulu, koma ambiri adzatsata njira zina, ndipo mwa iwowa alipo amene adzasankhidwe kupita ku yunivesite. Ngakhale mwa amene adzadzozedwe, alipo amene ambuye aepiskopi adzawatumize kusukulu zapamwamba m'tsogolo muno. Choncho nkhani ya kasankhidwe ka maphunziro ku yunivesite ndi yathu tonse: ife ophunzira, abambo athu ansembe, ndiponso makolo amene amakhetsa thukuta kuti fizi ipezeke.

M'mayunivesite ambiri, makamaka a ku America ndi ena amene anatengera kachitidwe kawo, wophunzira amasankha phunziro limodzi lalikulu limene digiri yake idzadziwike nalo, monga zaulimi, zachuma kapena uinjiniya. Pambali pa limeneli amaloledwanso kutenga phunziro lina laling'ono, lomwe pa Chingerezi amalitcha minor. Kawirikawiri limakhala la makosi 5 kapena 6, amene munthu amawamwaza m'zaka 4 za digiri yake. Mwa maphunziro apambaliwa lilipo limodzi losiyana ndi anzake. M'malo mozama pa nthambi imodzi ya nzeru, wophunzira amasankha chigawo chimodzi cha dziko lapansi, kaya ndi kum'mawa kwa Asia, Latin America, Middle East kapena Africa, n'kumachiyang'ana kuchokera mbali zingapo. Amatenga kosi ya mbiri ya chigawocho, ina ya chiyankhulo chake, ina ya nthaka ndi mitsinje yake, ina ya chuma ndi ndale, inanso ya miyambo ndi zipembedzo za anthu ake.

Maganizo anga ndi akuti aliyense wa ife amene adzapeze mwayi wotere asautaye, ndipo chigawo choyenera kuyamba nacho ndi chathu chomwe chino. Sindikunena dziko la Malawi lokha monga lilili pamapu ayi. Ndikunena dera lonse la mtsinje wa Zambezi ndi nyanja yathu: Shire ndi zigwa zake, Tete, Zambezia ndi Niassa ku Mozambique, kum'mawa kwa Zambia, kumpoto kwa Zimbabwe ndi kumwera kwa Tanzania. Ndipereka zifukwa zanga, ndipo ndiyesanso kuyankha amene sangagwirizane nane, pakuti mfundo zawo nazonso si zachibwana.

Mavuto alibe belu

Kusukulu kuno tsiku limagawidwa bwinobwino. Belu likalira timatseka buku la masamu n'kutsekula la mbiri, likaliranso timaiwala mbiri n'kuyamba jogalafe. Kugawaku n'kothandiza pophunzira, koma mavuto amene amagwera anthu athu sabwera mogawidwa chotero.

Tiyeni titenge namondwe wa Freddy amene anatigwera mu Malichi 2023. M'dziko muno anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa, ndipo oposa 600,000 anasowa pokhala. Kodi tsoka limeneli ndi la phunziro liti? Katswiri wa zanyengo atiuza kuti namondweyu anabadwira kufupi ndi Australia mu Febuluwale, anawoloka nyanja yonse ya India, anakhala masiku 36, ndipo anatulukira kumtunda kachiwiri pafupi ndi Quelimane asanadzakhuthule mvula pa Mulanje, Phalombe ndi Blantyre. Izi n'zoona, koma sizikutiuza chifukwa chimene anthu anafera ku Chilobwe. Wodziwa za nthaka awonjeza kuti phiri la Soche linagumuka chifukwa dothi linakhuta madzi pamalo otsetsereka pomwe mitengo inatha. Tikafunsa kuti mitengoyo inapita kuti, woyankha ndi wa zachuma: inapita ku makala ndi nkhuni, poti mabanja ambiri a m'tauni alibe china chophikira. Ndipo magetsi anali atachepa kale chifukwa mu Januwale 2022 namondwe wina, Ana, anaononga damu la Kapichira pa Shire, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130. Tikafunsanso kuti nanga anthu anamangiranji nyumba m'mbali mwa phiri, woyankha ndi wa mbiri yakale: kuyambira m'ma 1890 malo abwino ambiri a kumapiri a Shire anaperekedwa kwa eni maesiteti, ndipo tauni ya Blantyre inakula popanda malo okwanira okonzedwera anthu wamba. Potsiriza dokotala atikumbutsa kuti madziwo anapeza kolera ili kale pakati pathu kuyambira mu Malichi 2022, mliri umene unapha anthu oposa 1,700.

Onani tsono owerenga anzanga, akatswiri 5 alankhula, ndipo palibe wanama. Komabe aliyense wanena mbali yake yokha. Munthu amene adzapatsidwe udindo wokonza zinthu kuti tsoka lotere lisadzabwerezeke ayenera kuwamva onsewo. Akuluakulu anati ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri. Phunziro la chigawo silisandutsa injiniya kukhala dokotala kapena katswiri wa mbiri, koma limamupatsa makutu omvera anzakewo akamayankhula, ndiponso nzeru yodziwa nthawi yoti akawafunse. Kwa zaka zambiri boma lakhala likupempha anthu a m'zigwa za Nsanje ndi Chikwawa kuti asamukire kumtunda, ndipo madzi akangophwa ambiri amabwerera. Wodziwa za simenti ndi zitsulo zokha adzangoti anthuwo ndi osamva. Amene anaphunzirako za moyo wa kuchigwako adziwa kuti kumeneko kuli madimba amene amawadyetsa m'chilimwe, kuli manda a makolo awo, ndipo mfumu ikasamukira m'dziko la mfumu inzake ufumu wake umakhala pachiswe. Wodziwa zimenezi akakhala nawo pansi amakambirana nawo zomveka.

Zimene ena anapeza atayang'ana mbali zingapo

Zipatso za kaphunziridwe kotere tinaziona kale. M'chaka cha 1949 kunagwa njala yoopsa kuchigawo chakumwera. Akuluakulu a boma la atsamunda anaifotokoza mwachidule: mvula inadula, anthu achuluka, ndipo alimi atanganidwa ndi mbewu zogulitsa monga fodya m'malo mwa chimanga. Patapita zaka zoposa 30, mayi wina wophunzira za mbiri, Megan Vaughan, anaifufuzanso nkhaniyi m'midzi ya m'boma la Blantyre. Anawerenga makalata a boma ndi za malonda a mbewu a nthawiyo monga achitira a zachuma, anafunsa za maukwati ndi chikamwini monga achitira ophunzira za miyambo, ndipo anakhala pansi kumvetsera nyimbo zimene amayi amaimba pamtondo. Buku lake, The Story of an African Famine, linatuluka mu 1987. Iye anapeza kuti njala ija siinagwire anthu onse mofanana. Abambo ankakumbukira maulendo ataliatali okasuma chakudya, pamene amayi ankakumbukira amuna amene anapita osabwerera n'kuwasiya ndi ana. Thandizo linkafika msanga kwa anthu apantchito, ndipo mayi wopanda mwamuna wolandira malipiro ndiye ankapezeka kumapeto a mzere. Zoterezi sizikanaoneka m'mafaelo a boma okha, ndipo sizikanaonekanso m'nyimbo zokha. Nanga munthu amene adzagawe chimanga cha thandizo pa njala ya m'tsogolo, sayenera kuzidziwa zimenezi?

Chitsanzo china ndi cha Bambo Matthew Schoffeleers, wansembe wa chipani cha Montfort wochokera ku Netherlands, amene anafika m'dziko muno mu 1955 nagwira ntchito kuchigwa cha Shire. Ataona ulemu umene anthu amapereka ku kachisi wa Mbona ku Khulubvi, sanangoti ndi zachikunja n'kutembenuka. Anakaphunzira za miyambo ya anthu ku Oxford, anasonkhanitsa nkhani za Mbona kwa akuluakulu osiyanasiyana, nazifanizira ndi zimene Apwitikizi analemba za m'chigwa cha Zambezi cha m'ma 1600. Pochita izi anaonetsa kuti nkhani ya Mbona ikukhudza mvula, nthaka, nkhondo ndi ufumu wa Lundu nthawi imodzi. Buku lake, River of Blood, linatuluka mu 1992. Akanati aime pamalire a Nsanje, kapena pamalire a phunziro limodzi, sakanazipeza zimenezi.

Malire athu ndi adzulodzuloli

Izi zikundifikitsa pa chifukwa chachiwiri. Malire amene timajambula m'kalasi ya jogalafe anakonzedwa ndi Angerezi pogwirizana ndi Ajeremani mu 1890 ndiponso ndi Apwitikizi mu 1891. Mkangano wa nyanja pakati pa ife ndi Tanzania umabwerera ku pangano la 1890 lomwelo. Koma anthu analipo malirewo asanabwere. Achewa ali m'maiko atatu, ndipo mwezi wa Ogasiti amakumana ku Mkaika, m'boma la Katete ku Zambia, kukalamba kwa Kalonga Gawa Undi. Pamene bungwe la UNESCO linalemekeza Gule Wamkulu mu 2005, linamulemekeza ngati chuma cha Malawi, Mozambique ndi Zambia pamodzi. Angoni a Zwangendaba anawoloka Zambezi mu 1835. Alomwe ambiri anayamba kulowa muno kuchokera ku Mozambique kumapeto a zaka za m'ma 1890. Asena ali tsidya lino ndi tsidya linalo. Munthu wofuna kuwadziwa anthu a m'dziko muno sangathe kutero atatseka maso pamalire.

Makolo athu akukumbukira bwino nkhondo ya pachiweniweni ya ku Mozambique imene inayamba mu 1977. Siinali nkhondo yathu, koma inatikhudza mpaka m'khitchini. Othawa nkhondo oposa 1 miliyoni analowa m'dziko muno, pa nthawi imene kalembera wa 1987 anapeza kuti tonse tinalipo pafupifupi 8 miliyoni. Ku Nsanje alendo anachuluka kuposa eni mudzi. Njanji za ku Beira ndi ku Nacala zitatsekedwa m'ma 1980, katundu amene ankayenda makilomita pafupifupi 800 kuchokera ku Nacala anayamba kuzungulira ku Durban, mtunda wa makilomita oposa 2,000, ndipo mtengo wa kuzungulirako unagwera aliyense wogula feteleza, mafuta ndi mchere. Mtendere unabwera pa 4 Okutobala 1992 mu mzinda wa Rome, ndipo mwa amkhalapakati munali a gulu la Sant'Egidio ndi Ambuye Jaime Gonçalves, arkiepiskopi wa ku Beira. Kufikira lero zinthu zambiri zimene timagula kunja zimadzera m'madoko a anzathuwa. Wophunzira zachuma amene sadziwa kuti Nacala ili kuti, ndi kuti chinachitika n'chiyani panjanji yake, ndiye kuti chuma cha Malawi sanachidziwebe.

Chodabwitsa n'chakuti ngakhale Mozambique watizinga kum'mawa, kumwera ndi mbali yaikulu ya kumadzulo, ophunzira athu odziwa Chipwitikizi ndi owerengeka. Chonsecho chiyankhulochi tili nacho kale pakamwa. Tikati nsapato, mbatata, kalata, vinyo kapena kapitawo, tikutchula mawu amene anakwera Zambezi ndi amalonda kalekale. Ndipo ife a m'seminale tili ndi mwayi umene anzathu a m'sukulu zina alibe, pakuti Chilatini chimene timalira nacho usiku ndicho mayi wake wa Chipwitikizi. Amene wapirira ndi Chilatini kwa zaka 4 wayenda kale mtunda wabwino. Kungakhale kuononga kuusiya mtunda umenewu osaupitiriza.

Mawu a otsutsa

Woyamba kutsutsa ndikudziwa kuti akhala kholo, ndipo ali ndi ufulu wonse. Atate kapena amayi adzati: "Mwanawe, tagulitsa mbuzi ndi fodya kuti ukatenge digiri yokupezetsa ntchito, osati kuti ukaphunzire za Mbona." Makolo athu okondedwa, mawu anuwo ndi olemera, ndipo sindikunamizani kuti phunziro la chigawo palokha lingalembetse munthu ntchito. Cholembetsa ntchito ndi phunziro lalikulu lija. Koma laling'onoli sililanda malo a lalikulu, ndipo likakonzedwa bwino kuyambira chaka choyamba silitalikitsa zaka za digiri. Phindu lake limaoneka munthu atayamba ntchitoyo. Taganizani za mlangizi wa zaulimi amene anakulira ku Mzimba, kumene mkazi amapita kwa mwamuna, ndipo watumizidwa ku Zomba kapena ku Phalombe, kumene munda umatsata mbumba ya kuchikazi. Akapita kukakambirana za kubzala mitengo ndi mkamwini yekha, osaonana ndi eni mbumba, mbande zake zidzaumira pankhokwe. Taganizaninso za namwino wa ku Mwanza, ku Dedza kapena ku Muloza, kumene odwala ena amachokera kutsidya kwa malire, kapena wogwira ntchito pachipata cha Mchinji ndi cha Songwe. Digiri imawapatsa mpando, koma kuwadziwa anthu amene akuwatumikira ndiko kumawathandiza kuti ntchito iyende.

Wachiwiri ndi mphunzitsi amene adzati kulawa apa ndi apo sikukhutitsa, ndipo munthu wotenga kosi imodzi ya mbiri, imodzi ya chuma ndi imodzi ya chiyankhulo adzatuluka wopanda chimene wachidziwa kwenikweni. Ngoziyi ilipodi, ndipo ndi yoopsa chifukwa wodziwa pang'ono paliponse sachedwa kudziyesa katswiri. Mankhwala ake ndi atatu. Poyamba, munthu alimbikire phunziro lake lalikulu, pakuti wopanda khasu lakelake alibe chopita nacho kudima. Kachiwiri, asatole makosi mwachisawawa ngati wotola nkhuni, koma akhale ndi funso limodzi lomutsogolera, monga lakuti n'chifukwa chiyani chigwa cha Shire, chokhala ndi madzi ndi nthaka yachonde, chimavutika ndi njala kawirikawiri. Funso lotere lidzamuuza lokha makosi oyenera. Kachitatu, aphunzire chiyankhulo chimodzi cha m'chigawocho chimene si chakwawo, kaya Chipwitikizi, Chiyao, Chisena, Chitumbuka kapena Chiswahili, mpaka athe kucheza nacho ndi nkhalamba. Pachiyankhulo palibe chinyengo: ukachidziwa anthu amakuyankha, ukapanda kuchidziwa amangokuyang'ana.

Wachitatu adzanena zozama kuposa apa. Adzati maphunziro a zigawo za dziko anayambitsidwa ndi anthu ofuna kulamulira anzawo. Naye sakunama. Sukulu ya ku London imene lero imadziwika kuti SOAS inakhazikitsidwa mu 1916, ndipo imodzi mwa ntchito zake inali kuphunzitsa anthu opita kukalamulira maiko a atsamunda. Ku Northern Rhodesia, m'zaka za m'ma 1930, kunatsekulidwa Rhodes-Livingstone Institute yofufuza za miyoyo ya anthu a chigawo chino, ndipo dzina lokhalo likukuuzani nthawi imene inabadwiramo. Ku America boma linathira ndalama zambiri m'maphunziro oterewa kudzera m'lamulo la 1958, patangopita chaka chimodzi dziko la Soviet Union litaponya Sputnik mlengalenga, chifukwa linkafuna anthu odziwa ziyankhulo ndi maganizo a maiko ena pa nthawi ya udani wa maiko awiriwo. Kwa nthawi yaitali ife tinali ofunsidwa mafunso, ena n'kumalemba. Buku la galamala ya Chichewa limene Mark Hanna Watkins anatulutsa mu 1937 linalembedwa ku Chicago, ndipo amene ankamuuza mawu anali wophunzira wachinyamata dzina lake Hastings Kamuzu Banda.

Koma kodi yankho lake n'kuwasiyira omwewo kuti apitirize kutilemba? Makolo athu ena sanaganize choncho. Yohanna Abdallah analemba mbiri ya Ayao m'Chiyao, ndipo inasindikizidwa mu 1919. Samuel Josia Ntara analemba Mbiri ya Achewa m'chiyankhulo chathu chomwechi. Dziko la Ghana litalandira ufulu, yunivesite yake inakhazikitsa Institute of African Studies mu 1961, ndipo Kwame Nkrumah poitsekulira mu 1963 anafuna kuti Africa aphunziridwe ndi maso a ana ake. Yunivesite imeneyi inakhazikitsanso lamulo loti wophunzira digiri yoyamba aliyense, kaya ndi wa sayansi kapena wa zachuma, atengeko kosi ya za Africa. Khasu limene linalima munda wa mwini esiteti lingathenso kulima munda wathu. Chofunika n'chakuti likhale m'manja mwathu. Ndipo ponena izi sindikunyoza alendo amene anatiphunzira mwaulemu, monga awiri ndatchula aja. Iwo anatisiyira poyambira.

Wachinayi ndi mnzanga wa m'kalasi amene adzaseka n'kunena kuti: "Ine ndikaphunzirenso zakwathu? Ndinabadwira konkuno. Bwanji ndisaphunzire za China, kumene kukuchokera katundu yense?" Mbali ina ndikugwirizana naye. Kuyambira pamene dziko lathu linayamba ubale ndi China kumapeto a 2007, tikufunikadi ana athu odziwa chiyankhulo, mbiri ndi ndale za kumeneko, kuti posainirana mapangano tizidziwa amene tikukambirana naye. Amene mtima wake uli kumeneko apite, ndipo adzatithandiza. Koma zoti kubadwira pamalo ndiko kupadziwa, ndikukana. Mnyamata wa ku Dedza amadziwa mudzi wake ndi msika wake, koma mufunseni za ukwati wa Asena, za usodzi wa ku Likoma kapena za chimene chinachititsa kuti damu la Cahora Bassa lisinthe kasefukiridwe ka Zambezi kuyambira mu 1974, mudzaona akukanda mutu. Zimene timadziwa pobadwa ndi za khomo limodzi, pomwe ntchito idzatitumiza kumakomo a eni ake.

Nanga tichitepo chiyani?

Pali vuto limodzi limene sitingalilambalale. Maphunziro otere amayenda bwino pamene nthambi zosiyanasiyana zili pamalo amodzi, kuti wophunzira athe kutuluka m'kalasi ya sayansi n'kulowa ya mbiri. Kwathu kuno sukulu zapamwamba zinagawidwa motsata ntchito. Bunda inachoka mu yunivesite ya Malawi n'kukhala LUANAR, ndipo mu 2021 sukulu za udokotala ndi unamwino zinakhala KUHeS, Polytechnic n'kukhala MUBAS. Kugawaku kuli ndi ubwino wake, koma kukutanthauza kuti wophunzira udokotala ku Blantyre ali kutali ndi aphunzitsi a mbiri ndi ziyankhulo a ku Zomba. Ndi pempho langa kwa oyendetsa mayunivesite athu, kuphatikizapo ya Katolika ya ku Nguludi imene inatsekulidwa mu 2006, kuti aganizire njira zoti wophunzira wa sukulu ina athe kutenga makosi angapo a za chigawo chathu kusukulu inzake, kaya pa tchuthi kapena kudzera pa intaneti, ndipo makosiwo alembedwe pa satifiketi yake.

Koma ife tisadikire kuti zonse zikonzeke. Mukasankhidwa, werengani bwino buku la makosi a yunivesite yanu musanalembetse, ndipo mukafunse mlangizi wa ophunzira m'sabata zoyambirira, osati m'chaka chachitatu malo atatha. Safunsa anadya phula. Kumene phunziroli lilipo ndi dzina lake, litengeni. Kumene kulibe, limangeni nokha ndi makosi osankha amene mwaloledwa, ndipo kafukufuku wanu wa chaka chomaliza mumulunjikitse pa dera limodzi lenileni. Zitseko zina n'zotsekula kale. Ku Zomba kuli nyumba yosungira makalata akale a boma. Ku Mandala mu Blantyre kuli laibulale ya Society of Malawi. Ku Mua kuli malo a Kungoni amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, kumene munthu angaphunzire za Achewa, Angoni ndi Ayao tsiku limodzi kuposa zimene angaphunzire m'kalasi teremu yonse.

Kwa inu abambo athu ansembe ndi aphunzitsi, pempho langa ndi laling'ono. M'laibulale yathu muikemo mapu a chigwa chonse cha Zambezi, osati a Malawi yekha atapachikika m'malere ngati alibe anansi. Pakati panu alipo amene anatumikira othawa nkhondo m'maparishi a m'malire, ena anaphunzira ku Zambia, ku Kenya kapena ku Tanzania. Tipatseni madzulo amodzi pa teremu kuti mutifotokozere zimene munaona. Mbewu ya phunziro lotere imafesedwa munthu asanafike ku yunivesite.

Kwa inu makolo, mwana wanu akadzabwera n'kukuuzani kuti pambali pa uinjiniya akutengako mbiri ya Mozambique kapena Chisena, musafulumire kuganiza kuti wasokera. Mufunseni kuti zikugwirizana bwanji ndi ntchito imene akufuna kudzagwira. Akayankha zomveka, mudalitseni. Akalephera kuyankha, mwamuthandizabe, chifukwa abwerera kukaganiza bwino.

Ndipo kwa ife anzanga, tchuthi chikubwerachi tisangothera pabwalo la mpira ndi pafoni. Aliyense atenge kope ndi cholembera, akakhale pansi ndi munthu wamkulu kwambiri wa m'mudzi mwake. Akamufunse kuti mtundu wawo unachokera kuti ndipo unadzera njira iti, ndani wa m'banjamo anapita ku Joni kapena ku Halale ndipo anabwerako ndi chiyani, mtsinje wa kwawoko unkayenda pati kale, ndiponso anthu anapulumuka bwanji pa njala ya 2002. Akulu ndi m'dambo mozimira moto, koma chaka chilichonse tikuwaika m'manda pamodzi ndi zimene akudziwa. Tikadzatsekulira sukulu tidzafanizire makope athuwo, wa ku parishi iyi ndi wa ku parishi iyo. Ndikhulupirira kuti tidzadabwa kuona kuti nkhani zambiri za m'makopemo zikuwoloka malire, ndipo amene adzapite ku yunivesite adzakhala atapeza kale funso loti akalifufuze.